Kunyamuka ndi ana kupita kumudzi teremu isanathe: mmene zimakhalira ku England

Mlembi wa gulu:
Moni nonse. Funso ili labwera kangapo mwezi uno, ndiye tiyeni tilikambe pano kuti aliyense amve. Matikiti a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amakwera sukulu zikangotsekera kumapeto kwa Julaye, chimodzimodzinso pa Khirisimasi. Makolo ena akuganiza zonyamuka sabata imodzi kapena ziwiri sukulu zisanatseke, ena akufuna kudzabwera mochedwa mu Seputembala. Amene mukuzidziwa bwino za sukulu za kuno tithandizeni: chimachitika n'chiyani, ndalama zake ndi zingati, nanga maliro amawaona ngati holide? Chonde tilembe zimene tikudziwa, za "ndinamva kwa aujeni" zija zikhale kaye.

Aphunzitsi a ku Coventry:
Zikomo alembi. Ndiyambe ndi kawerengedwe, poti ambiri amaphonya pomwepa. Sukulu za ku England siziwerenga masiku, zimawerenga magawo. Maina amaitanidwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi masana, ndiye tsiku limodzi ndi magawo 2. Chaka chonse ndi masiku 190, magawo 380.

Kuyambira pa 19 Ogasiti 2024 muyezo ndi umodzi m'makhonsolo onse a ku England. Mwana akajomba magawo 10 popanda chilolezo, amene ndi masiku 5, mkati mwa masabata 10 a sukulu, sukulu imayenera kuganizira zoti makolo alipitsidwe chindapusa chimene amachitcha penalty notice. Masabata 10 amenewa sathera pa teremu. Amadumpha holide n'kupitirira. Mukachotsa masiku 3 kumapeto kwa Julaye n'kudzachedwanso masiku 2 mu Seputembala, amaphatikiza n'kukwana 5, ngakhale kuti mwanayo walowa kalasi ina. Nzeru yogawa masiku uku ndi uku ija imagwera apa.

Chinanso, magawo 10 aja sikuti ndi a ulendo okha. Kujomba kulikonse kopanda chilolezo kumalowa m'mphika womwewo. Mwana akafika kaundula atatsekedwa kale amalembedwa U, ndipo U amawerengedwa ngati wajomba gawo lonse. Ulendo wa masiku 2 ndi magawo 4, mukaonjezera kuchedwa kotereku ka 6 m'masabata omwewo, mwafika pa 10.

Ndalama zake: koyamba ndi £80 mukalipira m'masiku 21, ikakwana nthawiyo musanalipire imakhala £160 ndipo muli ndi mpaka tsiku la 28. Kachiwiri pa mwana yemweyo zaka 3 zisanathe ndi £160 basi, palibe kuchotsera. Kachitatu sakupatsaninso chindapusa, amayang'ana njira zina, ndipo yodziwika kwambiri ndi khoti.

Naphiri wa ku Manchester:
Aphunzitsi, £80 imeneyo ndi ya banja lonse?

Aphunzitsi a ku Coventry:
Ayi amayi, ndi ya kholo lililonse pa mwana aliyense. Bambo ndi mayi a ana atatu akhoza kulandira makalata 6. Zimenezo ndi £480 akalipira msanga, £960 akachedwa. Akadzabwereza zaka zitatu zisanathe, ndi £960 kuyambira tsiku loyamba.

Ndipo mawu akuti kholo pa lamulo la maphunziro la kuno ndi otambalala kuposa mmene tikuganizira. Education Act ya 1996 imawerenga aliyense amene akulera mwanayo tsiku ndi tsiku, kaya ndi azakhali, amalume, agogo kapena bambo omupeza. Amene mukusunga ana a achemwali anu, kalata ija ikhoza kubwera m'dzina lanu.

Achimwene a matikiti:
Ine ndiyankhule za masamu, poti makolo akaona mitengo amawerengera chonchi. Tingoyerekeza kuti kunyamuka pa 10 Julaye kukutsitsa tikiti iliyonse ndi £300 poyerekeza ndi pa 25 Julaye. Anthu 5 ndi £1,500. Chindapusa £480. Munthu amangoti aaa, ndalipira chindapusacho ndatsalabe ndi chenji. Ulendo woyamba masamuwo amaoneka olondola ndithu, tisanamizane. Koma mwawombera chipolopolo chimodzi mwa ziwiri zimene muli nazo pa zaka zitatu. Kukadzagwa zovuta kumudzi chaka chamawa, ahedi n'kukuvomerani masiku 4 okha pamene inu mwatha 10, chipolopolo chachiwiri chapita. Chaka chinacho mwatsala ndi khoti.

Pali njira zotsitsira mtengo osakhudza sukulu. Ndege yolunjika kuchoka ku London kupita ku Malawi kulibe, mumadutsira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo mitengo ya njira zitatuzi siikwera mofanana. Fufuzani zonse, fufuzaninso Kamuzu ndi Chileka padera, chifukwa nthawi zina kutera ku Lilongwe n'kukwera basi ya ku Blantyre kumatchipa. Gulani matikiti a Ogasiti Khirisimasi isanafike, osati mu Meyi. Yesaninso kusuntha tsiku lobwerera m'malo mwa tsiku lonyamuka: kubwera pakati pa sabata chakumapeto kwa Ogasiti kumasiyana ndi kubwera Loweruka lomaliza sukulu zisanatsegule, pamene dziko lonse likubwera.

Ndege yodzera ku Addis Ababa imanyamuka ku Heathrow usiku n'kukafika ku Lilongwe masana a tsiku lotsatira. Ndiye mwana akhoza kuphunzira tsiku lomaliza lonse, kuweruka 3 koloko, madzulo n'kukwera ndege. Zikwama zikhale zomanga kale. Palibe chifukwa chojombetsera mwana tsiku lonse kuti azikaonerera amayi ake akuyeza katundu pa sikelo.

Madala a ku Glasgow:
Muzinena kuti za ku England. Kuno ku Scotland kulibe penalty notice. Holide ya mkati mwa teremu imalembedwabe ngati kujomba kopanda chilolezo, ndipo kukachuluka khonsolo ili ndi njira zake, koma kalata ya £80 ija kulibe. Kalendala nayonso ndi ina: sukulu zimatseka kumapeto kwa Juni n'kutsegula pakati pa Ogasiti. Achimwene a matikiti akudziwa chimene zimenezi zikutanthauza, masabata oyamba a Julaye ana a kuno ali pa holide pamene a ku England akadali m'kalasi.

Nangozo wa ku Cardiff:
Ku Wales chindapusa chilipo koma ndi £60, chimakwera kufika £120 pakatha masiku 28. Ahedi a kuno ali ndi mphamvu yovomera mpaka masiku 10 pa chaka, koma ndi mphamvu yawo, si ufulu wa kholo. Ena amavomera, ena ayi.

Bambo a mapasa:
Aphunzitsi, ine ndikudziwa kuti kale munthu amaloledwa masabata awiri pa chaka. Komanso mwana amene amapita kusukulu bwinobwino, 96 kapena 97 pa 100 iliyonse, angamulange bwanji chifukwa cha sabata imodzi? Lamulo limati mwana azipita kawirikawiri, silinati tsiku lililonse.

Aphunzitsi a ku Coventry:
Achimwene, zonse ziwirizo zinali zoona, koma zinatha. Masiku 10 aja ku England anachotsedwa mu Seputembala 2013. Kuyambira pamenepo ahedi amaloledwa kuvomera pokhapokha pali chimene lamulo limachitcha exceptional circumstances, kutanthauza chinthu chachilendo chimene sichikanapeweka. Malangizo a Department for Education amanena poyera kuti kufuna holide kapena kukapuma sikulowa m'gulu limenelo.

Mfundo yanu yachiwiriyo inafika mpaka ku Supreme Court. Jon Platt wa ku Isle of Wight anatenga mwana wake wamkazi kupita ku Florida mu 2015 teremu ili mkati, anakana kulipira chindapusa, n'kunena ndendende zimene mwanenazi, kuti mwanayo amapita kusukulu kopitirira 90 pa 100. Amajisitireti anamuvomereza, High Court inamuvomerezanso. Koma mu Epulo 2017 Supreme Court inagamula kuti kupita kusukulu "regularly" kumatanthauza kupita motsatira malamulo a sukuluyo, osati kupita kokwanira m'maso mwa kholo. Mlandu unabwerera kwa amajisitireti ndipo anapezeka wolakwa, n'kulamulidwa kulipira £2,000 ya ndalama zoyendetsera mlandu. Chinayamba ngati £60. Kuyambira pamenepo mbiri yabwino ya mwana siitchinjiriza kholo pa lamulo, ngakhale kuti imathandiza ahedi akamaganizira pempho lanu.

Musaganizenso kuti makhonsolo amangoopseza. M'chaka cha sukulu cha 2023/24 ku England kunaperekedwa zindapusa zopitirira 480,000, ndipo 9 mwa 10 zilizonse zinali za holide.

Nabanda wa mu ofesi ya sukulu:
Ndifotokoze za fomu, chifukwa mapempho ambiri amakanidwa chifukwa cha kalembedwe ndi nthawi, osati chifukwa ahedi ndi ouma mtima.

Sukulu iliyonse ili ndi fomu yopemphera kuti mwana achoke, imapezeka ku ofesi kapena pa webusaiti yawo. Amene amapempha ndi kholo limene limakhala ndi mwanayo, ndipo apemphe ASANANYAMUKE. Ahedi saloledwa kuvomera za m'mbuyo. Mukabwera kaye n'kumadzafotokoza, ngakhale chifukwa chili chomveka, manja awo ndi omangika. Pa ulendo wokonzekera masukulu ambiri amafuna fomuyo masabata angapo nthawi isanakwane, werengani attendance policy ya sukulu yanu, malamulo ake a za kujomba, muone chiwerengero chake. Pa maliro imelo ya usiku womwe mwalandira uthenga ikwanira, bola ifike mwana asanajombe.

Musagule matikiti kaye n'kumapempha pambuyo. Fomu imene yalembedwa kuti "tagula kale" imawerengedwa ngati chidziwitso, osati pempho.

Mukhale ndi zinthu izi m'kalatamo: dzina la mwana ndi kalasi, tsiku lomaliza kukhala m'kalasi, tsiku lenileni lobwerera m'kalasi, osati tsiku lotera ndege, chifukwa chake, ubale wa mwanayo ndi munthu amene akukhudzidwa, ndiponso chifukwa chimene zimenezi sizingadikire holide. Funso lomalizali ndilo ahedi amayang'ana kwambiri. Onjezani adiresi ya kumene mukakhale ndi nambala ya WhatsApp imene ikagwire ku Malawi. Ngati muli ndi ana m'masukulu awiri, lembani ku onse awiri tsiku limodzi ndipo mawu akhale ofanana, chifukwa amafunsana.

Yankho likakhala loti inde, mwana amalembedwa C. Likakhala loti ayi koma mwapitabe, amalembedwa G, holide yosavomerezedwa. Chilembo H chimene chinali cha holide yovomerezedwa chinachotsedwa mu 2024. Nthawi zambiri yankho limakhala la pakati: masiku 4 kapena 5 C, otsalawo G. Amene amaika chiwerengero cha masiku ndi ahedi, si kholo.

Naphiri wa ku Manchester:
Achemwali, pa maliro amafuna umboni wanji? Kumudzi setifiketi ya imfa siituluka tsiku lomwelo.

Nabanda wa mu ofesi ya sukulu:
Tumizani chimene chilipo nthawi imeneyo ndipo nenani kuti zina zibwera. Kalata ya kuchipatala, ya abusa kapena ansembe, ya amfumu yokhala ndi chidindo, pulogalamu ya mwambo wa maliro, ngakhale chithunzi chake cha pafoni. Ikakhala ya Chichewa lembani tanthauzo lake m'munsi. Onjezani matikiti osonyeza kuti anagulidwa uthenga utafika.

Fotokozaninso za mtunda, chifukwa ahedi ambiri saidziwa Malawi. Akamva maliro amaganiza za tsiku limodzi ku tauni yoyandikana. Alembereni kuti ndege ndi ziwiri, ulendo ndi wa usiku ndi usana, kuchoka pa bwalo la ndege kukafika ku Mzimba kapena ku Nsanje ndi tsiku linanso, pobwera chimodzimodzi. Mukawerenga bwino, masiku 4 ndi a panjira pokha. Auzeninso kuti kwathu maliro sachedwa kuikidwa, ndiye palibe mpata wosankha tsiku. Akaona masamu amenewa amavomera masiku ochulukirapo kusiyana ndi kungolemba kuti "family bereavement, three weeks".

Masabata atatu a maliro sangavomerezedwe onse. Zokambirana za banja, kusesa, kugawa katundu, zimenezo ndi za akuluakulu. Mabanja ambiri amachita chonchi: kholo limodzi litsale kumudzi, lina libwere ndi ana. Kapena ana osanyamuka n'komwe ngati womwalirayo si agogo awo enieni, poti ubale ukatalika mwayi wovomerezedwa umachepa. Tikati "agogo" kwathu tikhoza kutanthauza achemwali a agogo, koma ahedi akafunsa mufotokoze ubale weniweni.

Gogo wa ku Nottingham:
Ana anga, nonse mukunena za ndalama ndi zilembo. Nanga mwana wobadwira kuno amene sadziwa kugwada popereka moni, sadziwa kumene kuli manda a makolo ake, Chichewa chake n'cha "bobo" basi? Sabata imodzi ya kusukulu ingafanane ndi kukaona agogo ake asanatsikire kuli chete? Nakonso kumudzi ndi sukulu.

Aphunzitsi a ku Coventry:
Agogo, palibe angatsutse zimenezo. Koma holide yaikulu ndi pafupifupi masabata 6, ndipo ndi imene ingamuphunzitse mwana Chichewa, osati masiku 5 obedwa mu Okutobala. Ngati agogo akudwala kwambiri moti kudikira Ogasiti n'kuika pachiswe, imeneyo ndi nkhani ina, ilembedwe momwemo ndi kalata ya dokotala, ahedi ambiri amaimva.

Ukwati ndi chiliza ndi zimene zimavuta. Tsiku lake amasankha ndi anthu, ndiye ahedi amafunsa kuti bwanji sanasankhe la pa holide. Ukwati wa kholo lenileni la mwanayo kapena wa mchimwene wake akhoza kuvomera tsiku limodzi kapena awiri, wa msuweni kawirikawiri ayi. Mankhwala ake ali pa gulu la WhatsApp la banja: pamene ankhoswe ndi amalume akukambirana tsiku, a kunja lankhulani msanga kuti likhale mu Ogasiti. N'chilimwe, misewu ndi youma, anthu akolola, simenti ya chiliza iuma bwino. Sikuti mukupempha chinthu chovuta.

Ahedi opuma, Zomba:
Ndilowererepo ine wa kuno kumudzi, poti mukuiwala mbali yathu. Chaka cha sukulu ku Malawi chimayamba mu Seputembala ndipo teremu yachitatu imatha mu Julaye. Ndiye Ogasiti ana a kuno ali pa holide limodzi ndi anuwo. Mukabwera mu Juni kapena koyambirira kwa Julaye kuti mutchipitse tikiti, mupeza asuweni awo ali m'kalasi, ndipo pakati pa Meyi ndi Julaye ndi nyengo ya mayeso a MANEB, Sitandade 8, Fomu 2 ndi Fomu 4. Chimachitika n'chodziwika. Alendo a ku UK afika, galimoto yapangidwa hayala ya ku Mangochi kapena ku Salima, ana a pakhomopo sangatsale. Mwana wa Sitandade 7 ajomba sabata yathunthu mayeso a teremu ali pafupi, ndipo palibe amene angakanize chifukwa mlendo wabwerayo ndi amene amalipira fizi. M'kalasi ya ana 80 kapena 100 mphunzitsi sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha mwana mmodzi, ndipo buku loti akawerenge yekha kunyumba mwina alibe. Anu akabwerera akapeza intaneti ndi aphunzitsi owathandiza. Athuwa zapita zapita.

Kuno kalata ya khonsolo kulibe, koma m'midzi yambiri mafumu anakhazikitsa malamulo awo, kholo lojombetsa mwana limalipira nkhuku kapena mbuzi. Musawaike abale anu pa mlandu kwa amfumu chifukwa cha ulendo wa kunyanja.

Nasi wa ku Luton:
Za umoyo, chifukwa ana ambiri amene amachedwa kubwerera m'kalasi sachedwa ndi ndege, amachedwa ndi malungo.

Mwana wobadwira kuno alibe chitetezo chilichonse ku malungo, ndipo kholo limene lakhala kuno zaka zingapo nalonso chitetezo chija chinachepa. Pitani kwa nasi wa za maulendo masabata 6 mpaka 8 musananyamuke. Mankhwala oteteza amene ana ambiri amapatsidwa ndi atovaquone-proguanil, imene ambiri amaidziwa kuti Malarone: kuyamba tsiku limodzi kapena awiri musanafike, kumwa tsiku lililonse, kupitiriza masiku 7 mutachoka. Mlingo wake amatengera kulemera kwa mwana, ndiye mupimitseni pa sikelo, musagawe mapilisi a akulu mongoganiza. Mefloquine ndi wa kamodzi pa sabata, amayambidwa masabata 2 kapena 3 ulendo usanachitike ndipo amapitirira masabata 4 mutabwera. Doxycycline saperekedwa kwa ana osakwana zaka 12. Nthawi zambiri mankhwala amenewa mumagula nokha, muwaike pa bajeti pamodzi ndi matikiti.

Cholakwika chimene chimabwerezedwa n'chosiya kumwa tsiku lokwera ndege yobwerera. Masiku otsala aja ndi amene amamaliza ntchito. Mwana akatentha thupi mutabwera, ngakhale patapita miyezi, mpaka chaka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo munene kuti anali ku Malawi. Musadikire kuti Calpol, mankhwala otsitsa kutentha thupi, agwire ntchito.

Disembala ndi Epulo ndi nyengo ya mvula kapena kumapeto kwake, udzudzu uli pachimake. Ogasiti ndi wouma, udzudzu ndi wochepa, koma m'mbali mwa nyanja ndi ku chigwa cha Shire malungo satha chaka chonse. Neti ndi mankhwala zisasiyidwe. Amene akasambe m'nyanja akumbukire likodzo, silionekera msanga, kuyezetsa kwake kumachitika patapita masabata angapo, pafupifupi miyezi itatu.

Langizo langa ndi loti muzitera kuno masiku 3 kapena 4 sukulu isanatsegule. Kusiyana kwa nthawi ndi ola limodzi m'chilimwe cha kuno, maola awiri m'nyengo yozizira, ndiye kutopa kwa ndege si chifukwa chimene sukulu ingamve. Masiku amenewo ndi oti m'mimba mukhazikike, ndiponso ngati mwaphonya ndege yachiwiri ku Addis Ababa kapena ku Nairobi mufikabe nthawi yake.

Bambo a mapasa:
Nanga kungoimba foni kuti mwana wadwala? Masiku 5 a chimfine ndani angatsutse?

Nabanda wa mu ofesi ya sukulu:
Achimwene, musayese. Ana atatu a nyumba imodzi kudwala tsiku limodzi, sabata yomaliza ya teremu, aliyense mu ofesi amadziwa tanthauzo lake. Sukulu ikakayika ili ndi ufulu wopempha umboni wa kuchipatala. Imaimba foni, ndipo foni ikakhala kunja kulira kwake n'kosiyana. Ena amatumiza munthu kunyumba. Kuposa zonse, mwana wa zaka 6 sasunga chinsinsi, adzauza kalasi yonse za mvuu za ku Liwonde. Chilembo I cha kudwala chimasinthidwa kukhala G, chindapusa chibwerabe, ndipo tsiku limene mudzabwere ndi maliro enieni mudzavutika kukhulupiriridwa. Ngati mwatsimikiza kupita ngakhale akukanizani, nenani zoona, perekani masiku, landirani G.

Choopsa kuposa chindapusa ndi kutaya malo. Mwana akasowa masiku 20 a sukulu otsatizana popanda chilolezo, kapena akapanda kubwera pakatha masiku 10 a sukulu kuchokera tsiku limene munagwirizana, sukulu ndi khonsolo zimayamba kufufuza kumene ali. Zikalephera kumupeza, kapena zikaona kuti palibe chosonyeza kuti abwerera, dzina lake likhoza kufufutidwa m'kaundula. Pa sukulu imene ili ndi mzere wa odikira, malowo amapita kwa wina sabata yomweyo. Mukabwera mumayambanso kupempha malo ku khonsolo, ndipo mukhoza kupatsidwa sukulu ya kutali, ana n'kugawanika masukulu awiri. N'chifukwa chake ndinati nambala ya ku Malawi ikhale pa fomu. Ndege ikasintha kapena wina akagonekedwa m'chipatala, lembani imelo tsiku lomwelo ndi umboni wake. Kukhala chete ndiko kumawononga.

Wa zamalamulo, Birmingham:
Ndionjezere za khoti. Chindapusa chija si mlandu, ndi mwayi wothetsa nkhani osapita kwa amajisitireti. Mukalipira, yatha. Njira ya apilo palibe. Ngati pali cholakwika chenicheni, monga masiku olakwika kapena munthu amene si kholo, lemberani khonsolo ndi ahedi msanga kuti achichotse, koma masiku 21 ndi 28 aja saima chifukwa mwadandaula. Sichilipiridwanso pang'onopang'ono m'makhonsolo ambiri.

Mukapanda kulipira, khonsolo imakutengerani ku khoti pansi pa gawo 444 la Education Act. Mlandu wamba chindapusa chimafika £1,000. Wokulirapo, woti kholo limadziwa kuti mwana sakupita koma osachitapo kanthu, umafika £2,500 kapena miyezi 3 kundende. Chimene chiyenera kutidetsa nkhawa ife obwera si ndalamazo ayi. Chigamulo cha khoti chimafunsidwa pa mafomu a chilolezo chokhazikika ndi a unzika, ndipo anamwino ndi ena ogwira ntchito zosamalira anthu amayenera kuchiulula ku mabungwe awo ndi kwa owalemba ntchito.

Kalata ya chindapusa imabwera pa positi. Amene mwasamuka nyumba osauza sukulu, kapena mukadali ku Malawi pamene ikufika, masiku akuwerengedwabe. Musiyire munthu kiyi azikutsegulirani makalata.

Chomaliza, kholo limene likuyenda lokha ndi ana litenge kalata yosainidwa ndi kholo linalo yovomereza ulendowo, ndi setifiketi yobadwira ya mwana, makamaka ngati maina a bambo ndi osiyana. Kutulutsa mwana m'dziko popanda chilolezo cha onse amene ali ndi udindo pa iye ndi mlandu waukulu kuposa wa kujomba.

Naphiri wa ku Manchester:
Aphunzitsi, pali misinkhu imene kujomba sikupweteka kwambiri? Komanso aphunzitsi angatipatse ntchito yoti mwana azikachita kumudzi?

Aphunzitsi a ku Coventry:
Pa lamulo, mwana amakakamizidwa kupita kusukulu kuyambira teremu yotsatira tsiku limene wakwanitsa zaka 5. Wa ku nazale kapena wa Reception, kalasi yoyamba ya pulayimale, amene sanafike pamenepo chindapusa sichimukhudza, ngakhale kuti sukulu muiuzebe. Kumapeto kwake ndi Lachisanu lomaliza la Juni m'chaka cha sukulu chimene akukwanitsa zaka 16. Ndiye wa Year 11 akamaliza mayeso a GCSE akhoza kunyamuka kumayambiriro kwa Julaye matikiti asanakwere. Ingoonetsetsani kuti wadutsa tsiku lapadera limene mabungwe a mayeso amasunga kumapeto kwa Juni loti mayeso osokonekera alembedwe, ndiponso kuti wabwera zotsatira zisanatuluke Lachinayi lina chakumapeto kwa Ogasiti, chifukwa malo a sixth form, makalasi a pambuyo pa GCSE, ndi makoleji amalembetsa nthawi yomweyo.

Nthawi zosayenera kuzikhudza: masabata oyamba a Seputembala, makamaka Reception ndi Year 7, kalasi yoyamba ya sekondale, pamene ana akupeza anzawo ndi kuikidwa m'magulu. Meyi kwa Year 6, ndi mayeso a SATs. Juni kwa Year 1 ndi Year 4, mayeso a phonics, kuwerenga potsatira maliwu a zilembo, ndi a matebulo. Year 10 ndi 11 yonse. Ambiri amaganiza kuti makalasi aang'ono ndi amasewera, koma phonics imaphunzitsidwa tsiku lililonse motsatana, liwu pamwamba pa liwu, ndipo mwana amene waphonya masabata awiri amabwera anzake akuwerenga mawu amene iye sakuwazindikira. Ku sekondale sabata imodzi ndi maphunziro pafupifupi 25, ndipo zoyeserera za mu labu sazibwereza chifukwa cha munthu mmodzi. Wokonzekera sekondale akumbukirenso kuti fomu yosankha sukulu imatseka pa 31 Okutobala, mkati mwenimweni mwa nyengo ya half-term, holide ya pakati pa teremu.

Za ntchito, aphunzitsi sakakamizidwa kukonza ya mwana amene wapita popanda chilolezo, ndipo masukulu ambiri amawaletsa kuti zisaoneke ngati avomereza. Onani pa webusaiti ya sukulu mitu ya teremuyo, kenako tsitsani maphunziro ake pa mawebusaiti a Oak National Academy kapena BBC Bitesize mukadali kuno, chifukwa bandulo ndi magetsi a kumudzi musawadalire. Sindikizani pa pepala. Mphindi 20 zowerenga ndi 20 za masamu m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere zikwanira wa pulayimale. Buku la kusukulu lowerenga lija musalitenge, likatayika mulipira.

Yang'ananinso masiku a INSET. Ndi 5 pa chaka, aphunzitsi amakhala pa maphunziro awo ana ali kunyumba, ndipo sukulu iliyonse imasankha yokha. Zina zimaika awiri kumayambiriro kwa Seputembala kapena kumapeto kwa Julaye, zina zimawalumikiza ku half-term. Masiku awiri amenewo akhoza kukuikani pa ndege ya Lachiwiri m'malo mwa ya Loweruka, popanda G ngakhale mmodzi.

Achimwene a matikiti:
Pa INSET pomwepo chenjerani amene muli ndi ana ku pulayimale ndi ku sekondale. Masiku ake safanana, ndipo ma academy ena, masukulu osayendetsedwa ndi khonsolo, amakhala ndi kalendala yawoyawo yosiyana ndi ya khonsolo. Tengani makalendala onse awiri pa webusaiti ya sukulu iliyonse, osati ya khonsolo, muwaike pamodzi, tsiku lonyamuka likhale la amene akutsekera mochedwa ndipo lobwerera likhale la amene akutsegulira msanga. Muonenso mapasipoti a ana musanalipire, a ku UK a ana amatha pa zaka 5, osati 10 ngati a akulu.